Poto wa Pansi pa Bedi

"Mufunse pompano ine ndikumva," anatero amayi anga atatsamira chitseko cha kukhitchini. "Nyumba imodzi, madzi a mpopi umodzi. Iwe ukudwala, mwana akudwala, koma mkazi wakoyu ali gwa. Ali ndi mimba yachitsulo kodi?"

Ine n'kuti nditangotuluka kuchimbudzi kachisanu m'mawa umenewo. Mkazi wanga anali atagwada pakhonde akuchapa tizovala ta mwana wathu m'beseni. Sanadzutse mutu.

"Amayi, inunso simukudwala," anayankha chapansipansi.

"Ine sindidya za m'manja mwako. N'chifukwa chake ndili moyo."

"Ndiye mukuti chiyani kwenikweni? Nenani poyera ndimve."

"Wamva kale. Siwe mwana."

Mkazi wanga anafinya kadiresi, n'kukaika pambali, kenako anandiyang'ana ine. Ankadikira kuti ndinenepo kanthu. Ndinadziwa zimenezo, koma ndinangogwira pamimba n'kukhala pampando. Kusabisa mawu, ndinali wamantha, ndipo matendawo ndinawasandutsa pobisalira.

Mwana wathu wamkazi, wa zaka zinayi, anali atagona pamphasa pabalaza. Tinkamutchula kuti Kabatani chifukwa cha kamphuno kake. Aka kanali kachiwiri m'mwezi umodzi kuti iye ndi ine titsegule m'mimba n'kumasanza nthawi imodzi. Tinkachira pakapita masiku awiri kapena atatu, kenako zinkayambiranso.

"Bambo a Kabatani, tiyeni kuchipatala akatiyeze tonse," anatero mkazi wanga. "Ine ndomwe akandiyeze. Mapiritsi a pagolosale mukumwawa sakuthandiza."

"Wamumva?" amayi anatembenukira kwa ine. "Akufuna upite kuchipatala kuti akalembe zoti unkadwala kale. Ukadzafa pasadzakhale wofunsa."

Mkazi wanga anaseka, koma osati kuseka kwabwino. Anayanika zovala zija, n'kutenga chikwama chake kupita kuntchito. Amasoka zovala pashopu ina ya kumsika ndipo amaweruka dzuwa litapendeka.

Pali chinthu chimodzi chimene iye sankachidziwa. Amayi chibwerereni kudzakhala nafe, miyezi itatu m'mbuyomo, ankadandaula kuti ndaonda. Ankati mwamuna wopala matabwa tsiku lonse sangakhalire masamba ndi nyemba. Choncho Lolemba lililonse, mpongozi wawo akangotuluka, ankagula nkhuku, n'kuiphika limodzi ndi mpunga mupoto wamkulu amene anabwera naye. Akaphula, ankamuvindikira, n'kumukulunga m'bulangete kuti asazizire, n'kumulowetsa pansi pa bedi lawo. Masana ndikabwera kuchokera kushedi yanga ya ukalipentala, ankatseka chitseko n'kutipakulira ine ndi Kabatani. Poto mmodzi ankatifikitsa Lachinayi. Iwo eni sankadyako. Mano anawathera, ndiye ankangodalira tiyi ndi buledi wonyika.

Tsiku limenelo masana anandiitanira kuchipinda kwawo monga mwa masiku onse. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni, chifukwa denga n'lamalata ndipo zenera sankatsegula.

"Idya pang'ono ubweze mphamvu," anatero akuvundukula poto. "Izi ndiye zako, zophika mayi wako."

"Amayi, bwanji osamaika mufiriji zimenezi?"

"Firiji yakeyo? Imene amatsegula yekha m'mamawa ife tili mtulo? Iwe mwana wanga, nzeru unazisiya kuti?" Anaweramira mupoto n'kununkhiza. "Taona, sizikununkha. Zikanawonongeka bwenzi mphuno yanga itandiuza. Ndakulera ndi mphuno yomweyi."

Ndinadya masipuni angapo. Amayi anamudzutsa Kabatani n'kumudyetsa ndi manja awo, uku akumunyengerera kuti asakauze amake, ati chimenechi n'chinsinsi cha iye ndi agogo.

"Taganiza bwino," anatero akupukuta mwanayo pakamwa. "Nyumba wamanga. Makina opalira matabwa wagula. Iwe ukachoka, zonsezi zitsalira ndani?"

"Nanga mwanayu? Angaphe mwana wake yemwe?"

"Mwanayu amadya m'mbale mwako. Akungopsera limodzi."

Ndinawauza kuti asiye nkhani zoterozo. Koma mawu aja ndinapita nawo kushedi, ndipo madzulo ndinabwera nawo kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo maso anga anasanduka apolisi. Mkazi wanga akamaphika, ndinkapeza chifukwa choimira pakhomo la khitchini, mwina kufunafuna machesi, mwina kumwa madzi ndilibe ludzu. Ndinkayang'ana manja ake. Akatapa mchere, ndinkafuna ndione ngati watapadi m'botolo la mchere. Manja omwewo amene anandisisita msana zaka zisanu ndi chimodzi, tsopano ndinkawawerenga zala.

Iyenso anasintha, ndipo kusinthako kunandiwonjezera chikayikiro. Anayamba kuwiritsa madzi akumwa. Anataya thabwa lodulirapo nyama limene ndinamupangira ndekha. Anakwecha firiji yonse ndi sopo, natsuka mapoto ndi madzi otentha. Amayi ankangondikodola ndi diso.

"Munthu wosalakwa amakwecha chonchi?" anandinong'oneza. "Akufafaniza mapazi."

Lamlungu lotsatira, iye ali kubafa, ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinatsegula chikwama chake. M'kathumba kam'kati ndinapeza timapaketi tinayi ta ufa woyera, ndi kakope kakang'ono. M'kakopemo munali masiku ndi zakudya, zolembedwa ndi dzanja lake. Pena analemba kuti, "Lachitatu, bambo ayamba madzulo." Penanso, "Lachinayi, bambo kasanu, mwana katatu." 

Atatuluka anandipeza nditayala zonsezo pabedi.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwayamba kundipisa m'chikwama?"

"Ndakufunsa funso."

"Werengani pa paketipo. Ndi mankhwala obwezera madzi m'thupi. Ndimasungunulira mwana akatsegula m'mimba. Inunso mwakhala mukumwa."

"Ndakhala ndikumwa? Osandiuza?"

"Ndinakuuzani, koma munali mukubuula."

"Paketi munthu akhoza kutsegula n'kuikamo zina. Nanga kope ili? Ukuwerengera masiku anga?"

Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, thaulo lili kumutu. "Ndikufufuza chimene chikukudwalitsani, bambo a Kabatani. Ndimalemba chilichonse chimene ndaphika. Ndasiya mazira, mukudwalabe. Ndasiya mkaka, mukudwalabe. Mutu wanga waima. Chimene ndaona n'chakuti mumayamba Lachitatu kapena Lachinayi, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake. Kodi pali kwina kumene mumadya?"

Apa ndi pamene ndikanatsegula pakamwa. Koma ndinaganiza kuti akufuna adziwe za poto uja kuti nayenso amufikire. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumunamiza kuti kulibe.

Madzulo ake anabweretsa chakudya patebulo, nyemba ndi mbatata. Amayi anakhala pakona atapinda manja. Ndinakankhira mbale yanga kwa mkazi wanga.

"Yamba walawa."

Anandiyang'ana. "Mukunena ine?"

"Ngati mulibe kanthu, ukuopa chiyani?"

Sanalire. Anatenga sipuni yanga, natapa pakati pa mbale, n'kudya. Anatapanso m'mphepete, n'kudya. Anamwako madzi a m'kapu yanga. Kenako anachita chimodzimodzi ndi kambale ka Kabatani, mwanayo akuseka poganiza kuti ndi masewera. Atamaliza anandibwezera sipuni ija ataigwira ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse. Kuyambira pamenepo ankalawa chakudya chilichonse ndisanamuuze.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinadwalanso, ndipo mwana anasanza kawiri.

"Amadziwa mbali yotapa," anatero amayi. "Kapena amayamba wamwa mankhwala osukulutsa poizoni. Ine ndatopa nazo. Kodi ukudikira ndikuike m'manda ndine? Aitanidwe achimwene ake adzamutenge."

"Ndipita," anatero mkazi wanga, "koma mwana ndipita naye."

"Mwana sachoka pano. Ukamumalizire kwanu?"

Anatembenukira kwa ine. "Bambo a Kabatani, nanunso mukutero?"

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi. Ndinati achimwene ake abwere Loweruka la sabata yamawa tidzakambirane, koma kufikira tsikulo asakhudze poto, mbale, ngakhale kapu ya mwana. Kiyi wa kukhitchini ndinapereka kwa amayi. Ndinkadziona ngati mwamuna woweruza bwino, wosakondera mbali.

Amayi anasangalala ngati awapatsa ufumu. Lolemba anagula nkhuku ziwiri. Anati safuna kumaphika tsiku lililonse m'khitchini imene sakudziwa zimene zinabisidwamo, ndiye anaphika kamodzi, poto wodzaza mpaka pakamwa, n'kumulowetsa kumalo ake. Tsopano sitinkadyamo masana okha. Tinkadyamo m'mawa, masana ndi madzulo. Ankapakula m'chipinda mwawo n'kutibweretsera mbale patebulo. Nthawi zina ankatenthetsa pang'ono, kungoti chifunde, poopa kupsereza mdzukulu wawo pakamwa. Mkazi wanga ankagula buledi pobwera kuntchito n'kumadyera kuchipinda. Madzulo ankangomusambitsa mwana n'kumugoneka, amayi ataima pakhomo la bafa.

Sabata imeneyo kunatentha kwambiri. Kushedi guluu ankauma ndisanalumikize matabwa.

Lachitatu madzulo Kabatani anakana chakudya. Lachinayi m'mawa anatsegula m'mimba, ndipo mkazi wanga anapempha kuti asapite kuntchito. Amayi anamuuza kuti mwanayo achira msanga iye akakhala kutali. Anapempha kuti asiye timapaketi tija. Amayi anatitaya m'chimbudzi iye akuona.

Cha m'ma 2 koloko masana ndili kushedi, nanenso m'mimba mukupotokola, ndinaona amayi akubwera chothamanga opanda nsapato.

"Mwana sakuyankha bwino."

Ndinamupeza pamphasa thupi lili moto, maso atalowa m'kati, milomo itauma. Pa kabudula wake panali magazi. Nditamunyamula mutu unagwera kumbuyo. Ndinaitana dzina lake, iye anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Mantha amene ndinamva nthawi imeneyo sindinawamvepo chibadwire.

Mnansi wathu anatitengera kuchipatala pagalimoto yake, ndipo ndi iyeyo amene anaimbira foni mkazi wanga, chifukwa ine sindinaganizeko. Mkazi wanga anafika namwino akuvutika kupeza mtsempha woti alowetsepo diripi. Tepi yoyezera inali idakali m'khosi mwake.  Anagwada pambali pa bedi n'kugwira kaphazi ka mwanayo.

Diripi italowa, dokotala wamkazi wa imvi pang'ono anatiitanira pambali tonse atatu.

"Mwanayu wataya madzi ambiri. Mukanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Titenga chimbudzi chake tikayeze, koma ndiuzeni, wadya chiyani masiku atatu apitawa?"

"Funsani mayi wakeyo chimene wamuthirira," anatero amayi.

"Ine sindinamupatse ngakhale madzi chiyambire Lachinayi latha," anatero mkazi wanga. "Anandiletsa. Koma ndili ndi izi." Anatulutsa kakope kaja.

Dokotala anavala magalasi n'kutsegula masamba mmodzimmodzi. "Mwachita bwino kulemba. Akudwala ndi awiri okhawa, ndipo nthawi zonse ndi pakati pa sabata. Zimene mumaphika inu mumadyako?"

"Ndimadya. Asanandiletse kuphika ndinkayamba ndine."

"Ndiye pali chimene awiriwa amadya, chimene inu ndi agogowa simudya." Anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi. "Bambo, inu ndi wamkulu, mwana sangathe kundiyankha. N'chiyani?"

Amayi anandiponda chala. Ndinayang'ana kubedi kuja, kadzanja ka Kabatani katamangidwa pakathabwa kuti singano isasunthe. Ndinanena zonse. Ndinanena za nkhuku ya Lolemba, za bulangete, za pansi pa bedi, za masiku anayi. Ndikulankhula, ndinkamva ndekha kupusa kwa mawu anga, ndipo yankho ndinalidziwa ndisanamalize.

Dokotala anavula magalasi aja. "Nkhuku ndi mpunga, masiku anayi, m'bulangete, kutentha kumeneku?"

"Sichinkanunkha," amayi analowerera. "Ndimanunkhiza tsiku lililonse. Ndalera ana asanu ine."

"Agogo, tizilombo timene timadwalitsa chonchi nthawi zambiri sitinunkha ndipo sitioneka. Chakudya chikaphikidwa, chimafunika kudyedwa chikadali chotentha, apo ayi chilowe mufiriji pasanathe maola awiri. Chikakhala chofunda, tizilomboto timaswana mwamsanga, ndipo bulangete lanulo limatisungira kutentha kumene timakonda. Tsiku loyamba munthu akhoza kupulumuka. Likamafika lachitatu, ndiye ndi zimene mukuonazi. Kungofunditsa pamoto sikutipha, ndipo pali tina timene timasiya poizoni wake ngakhale mutawiritsa. Bambowa ndi aakulu, thupi lawo limalimbana nazo. Mwana sangathe."

"Ndiye mukuti ndine?"

"Ndikuti ndi potoyo. Mukataye zonsezo lero, ndipo bambo inu mukayezedwenso."

 Amayi anagwira khoma, n'kutsetsereka mpaka anakhala pansi pakhonde la wodi, miyendo atatambasula, anthu akuwalambalala.

Mkazi wanga sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

"Ndinakufunsani ngati pali kwina kumene mumadya."

"Unandifunsa."

"Munati kulibe."

 Anabwerera kubedi kwa mwana wake.

Kabatani anakhala m'chipatala masiku asanu. Tsiku lachiwiri zoyeza zinatuluka ndipo zinagwirizana ndi mawu a dokotala. Tsiku lachitatu anapempha madzi ndi pakamwa pake, n'kufunsa ngati agogo akwiya poti chinsinsi chaululika. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa thanki yamadzi.

Poto uja ndinakamutulutsa ndekha tsiku lomwe tinamugoneka mwanayo. Nditavundukula, pamwamba pa mpunga panali ponyowa, ndipo nditatapa ndi sipuni panatuluka timaulusi tonanda. Ndinanunkhiza. Amayi sananame, fungo linali la nkhuku basi. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kukwirira zonse, kuti ngakhale galu asazipeze.

Loweruka achimwene ake a mkazi wanga anabweradi monga tinapanganira. Anafikira kuchipatala. Atamva nkhani yonse anafunsa mlongo wawo ngati akufuna kulongedza. Ine ndinaima poteropo ngati wakuba wogwidwa, ndikudikira.

"Mwana akachire kaye kunyumba kwake," anayankha. "Zinazo ndidzaona."

Titabwerera kunyumba amayi anamudikirira pakhonde, kiyi wa kukhitchini ali m'manja. M'masiku asanu aja anali atakalamba ngati papita zaka.

"Mwana wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho. "Ine ndimati ndikuwateteza."

"Ndikudziwa, amayi," anatero mkazi wanga polandira kiyi. "Inu simunandilonjezepo chilichonse. Amene anandilonjeza ndi awa."

Madzulo amenewo anaphika. Ndinakhala patebulo mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'mwezi wathunthu, mawu opepesa nditawakonza bwino kuyambira kushedi. Anabweretsa mbale yanga ikufuka nthunzi n'kuiika patsogolo panga. Ndisanatambasule dzanja, anatenga sipuni yanga.

"Usatero, mayi a Kabatani. Chonde. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa."

"Ndamva," anatero.

Anatapa pakati pa mbale, n'kudya. Anatapanso m'mphepete, n'kudya. Anamwako madzi a m'kapu yanga, kenako anandipatsa sipuni ija ndi manja awiri.

Papita miyezi inayi tsopano. Kabatani ananenepanso, amayi anaphunzira kutsegula firiji, ndipo m'nyumba muno simunadwalenso munthu. Mkazi wanga sanachoke. Amandichapira, amandifunsa za kushedi, nthawi zina amaseka nane. Ndamupempha ndili chiimire, ndamupempha nditagwada, koma palibe mbale imene imafika kwa ine iye asanalawe. Dzulo Kabatani anakankhira kambale kake kwa amake n'kunena ndi mawu onga anga kuti, "Yamba walawa." Mkazi wanga analawa, n'kundiyang'ana.